Katoni ya magazini akale a White Dwarf: tisunge, tigulitse kapena titaye?

Funso: Ndimakhala ku Leicester. Mwana wanga wamwamuna wa zaka 13 walowerera m'masewera a Warhammer 40,000, aja opaka penti tizidole ta asilikali n'kumatimenyanitsa patebulo. Aneba athu, bambo achikulire amene akusamukira m'nyumba yaing'ono, atipatsa katoni yodzaza ndi magazini a White Dwarf, kuyambira nambala 68 mpaka cha m'ma 230, ngakhale ena pakatipa akusowa. Akununkha chinyontho ndipo malo m'nyumba muno ndi ochepa. Mwanayo wangotsegula awiri n'kunena kuti malamulo ake ndi akale, alibe ntchito. Kodi akunena zoona? Angagulitsike, kapena ndingotaya?

Yankho: Mayi, katoniyo musataye msanga, koma musayembekezerenso kuti mutulukamo ndalama ya lendi. Ndiyambe ndi pamene mwana wanu walondola. Malamulo a Warhammer 40,000 amalembedwa mwatsopano pakapita zaka zingapo. Oyamba anatuluka mu 1987, achiwiri mu 1993, achitatu mu 1998, ndipo pofika 2023 anali atafika pa mtundu wa 10. Magazini anuwo akuthera kumayambiriro kwa 1999. Ndiye chilichonse cholembedwamo chonena kuti msilikali wakuti amayenda mainchesi angati, kapena kuti mfuti yakuti imafuna dayisi igwe pa nambala yanji, chinafa kalekale. Atapita nacho kukalabu anzake angamuseke. Kungoti mnyamatayo watsegula magazini awiri n'kuthamangira tsamba lokhalo limene linatha ntchito, n'kusiya masamba amene ine ndimasungira mulu wanga mpaka lero.

Kuti mumvetse zimene mwalandirazo, dziwani kaye kumene magaziniyi inachokera. Kampani ya Games Workshop inayambitsidwa ku London mu 1975 ndi anyamata atatu, John Peake, Ian Livingstone ndi Steve Jackson. Poyamba ankapala matabwa a masewera apatebulo, ndipo limodzi mwa masewerawo linali mancala, m'bale wake wa bawo yathu ija. Kenako anapeza mwayi wogulitsa Dungeons & Dragons, masewera ochokera ku America, ndipo bizinesi inatembenukira kumeneko. Ankatulutsa kanyuzi kakang'ono kotchedwa Owl and Weasel, ndipo mu 1977 anakasiya, mu June n'kuyamba White Dwarf, mkonzi wake ali Livingstone. Yoyambayo inali ya masamba 20, mtengo wake mapeni 50. Dzinalo analisankha mochenjera chifukwa limagwira mbali ziwiri: ndi mtundu wa nyenyezi, komanso ndi kamunthu kakafupi ka ndevu ka m'nthano za Azungu. Choncho okonda nkhani za m'mlengalenga ndi okonda za malupanga ndi mfiti onse ankaona kuti magaziniyi ndi yawo. Inkatuluka pakatha miyezi iwiri, koma kuyambira nambala 32, mu August 1982, inayamba kutuluka mwezi ndi mwezi. Mukawerengera kuchokera pamenepo, nambala 68 yanuyo ndi ya August 1985, nambala 100 ndi ya April 1988, ndipo nambala 200 ndi ya August 1996.

Aneba anuwo, kaya akudziwa kaya sakudziwa, akupatsani zaka zenizeni zimene magaziniyi inafundula khungu. Yalani onse pansi motsatira manambala, mudzaziona nokha ngakhale musanawerenge chiganizo chimodzi.

Oyambirirawo, kuyambira 68 mpaka cha m'ma 90, mwana wanu sawazindikira n'komwe. Mulibe Space Marines, asilikali a m'mlengalenga aja a mu Warhammer 40,000, mulibe akasinja. Ndi magazini a masewera a nthano monga Dungeons & Dragons, RuneQuest, Traveller ndi Call of Cthulhu. Masewera amenewa ali ngati nthano zathu za madzulo, kusiyana kwake n'kwakuti omvera sangoyankha kuti "tili tonse". Aliyense amatenga munthu mmodzi wa m'nthanomo n'kumanena chimene achite, ndipo madayisi ndiwo amagamula ngati zatheka. Nthawi imeneyo White Dwarf inkalemba za masewera a makampani ena momasuka. Panali tsamba lotchedwa Open Box, pamene masewera atsopano ankapatsidwa malikisi pa 10, ndipo wolemba akanyansidwa nawo sankabisa mawu. David Langford ankaunika mabuku pa tsamba la Critical Mass. Owerenga ankatumiza zilombo zopeka okha ku tsamba la Fiend Factory, ndipo zina mwa izo zinadzalowa m'buku la malamulo la Fiend Folio mu 1981. Mmodzi mwa otumizawo anali Charles Stross, amene panthawiyo anali mnyamata wapasukulu, msinkhu wosasiyana kwenikweni ndi wa mwana wanu, ndipo pambuyo pake anadzakhala mlembi wotchuka wa nkhani zopeka za sayansi. Ine m'magazini a zaka zimenezi ndimathamangira kumapeto, pa timalonda tating'ono tolembedwa ndi owerenga. Mumapeza munthu akulengeza kuti m'tauni yake mulibe wosewera naye, wina aliyense amulembere kalata. Kunalibe intaneti. Munthu ankadikira mwezi wathunthu kuti uthenga wake usindikizidwe, n'kudikiranso wapositi.

Fufuzani nambala 77, ya May 1986. Ikakhalamo muyiike pambali. Nkhani yake ili motere. Cha mu 1979 Games Workshop inagwirizana ndi Bryan Ansell n'kuyambitsa Citadel Miniatures, kampani youmba tizidole tachitsulo ku Newark-on-Trent. Tizidoleto tinayamba kubweretsa ndalama zambiri, makamaka masewera oyamba a Warhammer, a malupanga ndi mfiti, atatuluka mu 1983, ndipo Ansell anadzakhala woyendetsa kampani yonse. Iye analamula kuti ntchito zichoke ku London zipite ku Nottingham. Akonzi ena a magazini anakana kusamuka. Pa tsamba la zamkatimu la nambala 77, yomaliza ya mkonzi Ian Marsh, anakonza mawu mwakuti mukatenga chilembo choyamba cha mzere uliwonse n'kuwerenga chotsika, pamatuluka mawu achipongwe othamangitsa Ansell, dzina lake lonse lili pomwepo. Magazini inasindikizidwa choncho n'kufika m'masitolo. Mwana wa zaka 13 mukamuonetsa zimenezi, katoni yonse ayamba kuyiona ndi diso lina.

Kuchokera pamenepo zinthu zinayenda mofulumira. Nambala 93, ya September 1987, ndi imene inalengeza Warhammer 40,000, masewera amene Rick Priestley analemba. Podzafika cha m'ma 100, za makampani ena zinali zitazimiririka, masamba onse akukamba katundu wa Games Workshop yekha. Owerenga akale anadandaula kuti magazini yawo yasanduka kabuku kotsatsa malonda kamene munthu akuchita kulipira kuti akawerenge. Dandaulo limeneli silinathe mpaka pano, ndipo ine sindilitsutsa. Ufulu wonena kuti masewera akuti ndi oipa unapitadi, ndipo sunabwererenso. Komabe magazini a pakati pa 1987 ndi 1995 ndi amene ndingapatse mwana wanu poyamba, chifukwa ngakhale ankatsatsa malonda, kampaniyo inali isanakhale ndi katundu wokwanira. Malamulo ankatchula galimoto zankhondo zimene m'sitolo munalibe. Ndiye magazini inkachita kukuphunzitsa kupanga wekha.

Chitsanzo chimene aliyense wa nthawi imeneyo amakumbukira ndi kasinja wouluka wa mu 1987, wopangidwa ndi kabotolo kapulasitiki ka mafuta opaka kukhwapa. Kabotoloko anakagoneka chammbali, n'kumatapo supuni yapulasitiki ndi tizidutswa ta mfuti totsala ku zidole zina, n'kupaka penti. Nditaona chithunzicho koyamba ndinaseka ndekha, chifukwa chinandikumbutsa magalimoto a mawaya amene tinkapanga kumudzi, matayala ake a zitsekerero za mabotolo, chiwongolero chake chachitali chofika m'chiuno. Nzeru yake ndi yomweyo: kuyang'ana chinthu chotayidwa n'kuonamo china. Masiku ano kampaniyo imagulitsa chilichonse chili chokonzeka m'bokosi, akasinja, mabwinja a nyumba, ngakhale udzu womata pansi pa kachidole, ndipo mitengo yake inu mukuidziwa kuposa ine poti ndinu mukulipira. Magazini akalewo amaonetsa mwana kuti phiri limapangidwa ndi zoyera zofewa zija zotetezera firiji kapena wailesi yakanema m'katoni, nyumba imapangidwa ndi katoni ya chakudya cham'mawa, thanki ya mafuta ndi chitini, mpanda ndi timitengo ta machesi, ndipo nthaka ndi mchenga wothiridwa pa guluu woyera wa matabwa. Zimenezi sizikalamba ngati malamulo.

Chenjezo limodzi pamenepa, lochokera pa kupusa kwanga. Phiri langa loyamba ndinalisema madzulo atatu ndi mpeni wa buledi, masitepe ake osalala bwino kuti tizidole tiziima osagwa. Pofuna kufulumira ndinalipopera penti ya m'chitini. Ndikuyang'ana chonchi, phiri linayamba kuchita mabowo ngati chiswe chalowamo, n'kufota, n'kusanduka chinthu chonata chosaoneka mutu wake. Mankhwala a mu penti yopoperayo amasungunula zoyerazo. Muyenera kuyamba mwapaka guluu woyera wosungunula ndi madzi pang'ono paliponse, aume, kenako penti. Chondipweteka n'chakuti magazini imene ndinkatsatira inali italemba zimenezo. Ndinangoyang'ana zithunzi.

Za kupaka penti, muuzeni ayang'ane masamba otchedwa 'Eavy Metal. M'zaka zoyambirira mudzaona dzanja la John Blanche, wokonda mitundu yakuda ndi yofiirira, tizidole tooneka ngati tatuluka m'maloto oipa. Cha m'ma 1990 kalembedwe ka Mike McVey ndi anzake kanatenga malo: mitundu yowala, yoyera bwino, mfuti ndi mikondo zofiira psuu, ndipo m'mphepete mwa poimira kachidole kalikonse mobiriwira ngati msipu wa m'dzinja, ngakhale msilikaliyo akumenya nkhondo m'chombo cha m'mlengalenga. Achinyamata a lero amaziseka. Koma njira zake n'zomwe akugwiritsa ntchito mpaka pano. Kuyamba ndi penti yoyala pansi. Kuthira penti yamadzimadzi yakuda kuti ilowe m'makwinya. Kupukuta burashi pa kansalu mpaka itatsala pang'ono kuuma, n'kuipititsa mopepuka pamwamba kuti m'mphepete mokha muwale. Ubwino wa pepala ndi wakuti chithunzi chimaima phee pambali pako pamene ukupaka, osati vidiyo ya pa YouTube imene uyenera kumaimitsa ndi chala chopakika penti. Chimene chingamusokoneze ndi maina a penti. Goblin Green, Blood Red ndi Skull White sadzawapeza m'sitolo, chifukwa mu 2012 kampaniyo inasintha penti zake zonse pamodzi ndi maina. Ayang'ane mtundu pachithunzi n'kusankha wofanana nawo, kapena afunse kusitolo.

Chinanso chimene sindingalole kuti chipite kudzala ndi malipoti a nkhondo. Anayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndipo m'ma 1990 anasanduka mtima wa magazini. Anthu awiri a pakampanipo ankasankha magulu awo ankhondo, aliyense n'kulemba chimene akufuna kuchita ndi chifukwa chake. Kenako masewerawo ankafotokozedwa gawo ndi gawo, ndi mapu ojambulidwa pamanja okhala ndi mivi yoonetsa kumene gulu lililonse lalowera. Pamapeto wopambana ndi wogonja ankalemba maganizo awo. Gawo la wogonjalo ndi limene limandikomera. Jervis Johnson, amene ankakonda kumenyana ndi Andy Chambers m'malipotiwa, anatchuka ndi kugonja mpaka inasanduka nthabwala pakati pa owerenga, koma ankafotokoza kulakwitsa kwake mosakwiya ndi mosanamizira madayisi okha. Malamulo asintha, inde, koma kumwaza asilikali ako tebulo lonse mdani ataunjika ake mbali imodzi kunali kupusa mu 1993 ndipo n'kupusabe lero. Ngati mwana wanu amabwera kukalabu atatupa masaya chifukwa wagonja, mumusiyire malipoti angapo pabedi.

Omalizawo, kuyambira cha m'ma 190, ndi onenepa, owala, odzaza zithunzi. Ambiri ankabwera ndi makadi olimba pakati, oti munthu adule n'kugwiritsa ntchito pa masewera monga Necromunda ndi Warhammer Quest, onse a mu 1995. Ena ankabwera ndi kachidole kaulere komatidwa pachikuto. Kwa ine amenewa ndi ofanana kwambiri, ukawerenga atatu wawerenga onse, kupatula nkhani imodzi imene ikukhudza chikwama chanu. Kuyambira nambala 218, mu 1998, panali mndandanda wotchedwa A Tale of Four Gamers. Anthu anayi, mmodzi wa iwo Paul Sawyer amene anali mkonzi, anapatsidwa malire a ndalama zogwiritsa ntchito pamwezi, ndipo mwezi uliwonse ankayenera kugula, kumata, kupaka n'kusewera ndi zimene agulazo. Nthenda yaikulu ya masewerawa ndi kugula mabokosi atsopano akale asanapakidwe, mpaka kabati kudzaza ndi pulasitiki yotuwa. Muwerenge nkhaniyi limodzi ndi mwanayo, kenako mupangane kuti bokosi lina lilowa m'nyumba akamaliza kupaka limene ali nalo. Mudzandithokoza.

Tsopano za ndalama. Magazini a White Dwarf amene osonkhanitsa amalimbirana ndi oyambirira enieni, a m'ma 1977 mpaka kumayambiriro kwa m'ma 1980, chifukwa anasindikizidwa ochepa. Nambala 1 inayamba ndi makope 4,000 okha. Inu amenewo mulibe. A m'ma 1990 anasindikizidwa ambirimbiri ndipo amapezeka m'masitolo a zinthu zakale ndi m'misika ya kaunjika ya kuno, ija anthu amagulitsira kumbuyo kwa galimoto Lamlungu m'mawa. Mwa anuwo, amene angakope wogula ndi a pakati pa 1986 ndi 1992, chifukwa pali gulu la osewera, ambiri a iwo abambo a imvi tsopano, amene anabwerera ku malamulo ndi tizidole ta nthawi imeneyo. Amadzitcha a Oldhammer. Kwa iwo malamulo amene mwana wanu akuti ndi akufa ndi amene akuwafuna. Mukafuna kudziwa mtengo, lowani pa eBay n'kuyang'ana zimene zinagulidwa kale, osati mitengo imene ogulitsa akutchula, poti kutchula mtengo aliyense amatha. Magazini yosowa makadi apakati, yodulidwa kapepala kooda katundu, kapena ya chikuto chothothoka imatsika mtengo kwambiri, ndipo muyenera kunena chilungamo pogulitsa. Kumbukiraninso kuti mapepala ndi olemera. Ndalama yotumizira magazini imodzi papositi ikhoza kudya phindu lonse, choncho ndi bwino kugulitsa m'magulu a chaka chimodzi chimodzi, kapena kwa munthu wodzatenga yekha.

Fungo la chinyontho ndilo lofunika kulithamangira sabata ino. Atulutseni m'katonimo, katoniyo mutaye. Onani magazini imodzi imodzi. Imene ili ndi nkhungu, timadontho takuda kapena toyera tooneka ngati ufa, kapena masamba omatana, ipatuleni kutali ndi inzake, ndipo ikakhala yoonongeka kwambiri itayeni osamva chisoni, makamaka ngati m'nyumbamo muli wodwala mphumu. Otsalawo muwayale m'chipinda chouma, mopita mphepo, masiku angapo. Musawaike padzuwa kapena pa chotenthetsera nyumba, mapepala amapindika ndipo mitundu imafwifwa. Akalewo anamangidwa ndi timawaya pakati, ndipo timawayato tikachita dzimbiri timadya pepala, tsamba lapakati n'kuyamba kugwa, ndiye potsegula musawakanikize. Posunga, agonekeni mopingasa m'bokosi lapulasitiki lotsekeka, m'nyumba momwe mukukhala. Galaja ndi kudenga kwa nyumba za ku England kuno ndi kumene kumapha mapepala, chifukwa cha kuzizira ndi chinyontho cha miyezi yachisanu. Ngati malo ndi ochepadi, sungani 77, 93 ndi onse mpaka cha m'ma 190, kuphatikizapo 218 ndi asanu otsatira, ena onsewo mugulitse kapena mupereke kukalabu ya mwanayo.

Mwina mungadabwe kuti m'katoni yonseyo mulibe nkhondo yeniyeni ya m'mbiri. Zimenezo zili ndi magazini ake, monga Miniature Wargames imene inayamba mu 1983 ndi Wargames Illustrated ya mu 1987, onse oyambitsidwa ndi Duncan Macfarlane. Kumeneko mumapeza Aroma, asilikali a Napoleon, ngakhalenso tizidole ta ankhondo a Chingoni ndi asilikali a King's African Rifles. Ndimawawerenga ndi mitima iwiri, chifukwa nkhondo za atsamunda kawirikawiri amazifotokoza ataima mbali ya amene anabwera ndi mfuti. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Poti muli ku Leicester, Nottingham ndi pafupi, ulendo wa sitima wosakwana ola. Likulu la Games Workshop lili ku Lenton mumzindamo, ndipo pamalo pomwepo pali Warhammer World, pamene amaonetsa tizidole topakidwa penti, tina mwa ito ta zaka zomwezo za magazini anu. Mwanayo atatenga magazini imodzi ya 1990 n'kukaona ndi maso zinthu za nthawi imeneyo zili m'galasi, sadzanenanso kuti katoni ija ndi zinyalala. Magaziniyo payokha ikutulukabe. Mu 2014 anayesa kuitulutsa sabata ndi sabata, mu 2016 anabwerera ku mwezi ndi mwezi, ndipo mu May 2024 inafika nambala 500.

Aneba anuwo asanasamuke, apititseni moni ndi mwanayo, ndipo muwafunse ngati kulibe katoni ina. Munthu amene anagula magaziniwa zaka 13 zotsatizana sanali kungowerenga, ndipo tizidole tachitsulo ta m'ma 1980 nthawi zambiri timagulidwa bwino kuposa mapepalawo. Akakupatsani, dziwani kuti topangidwa chisanafike chaka cha 1997 tili ndi mtovu. Mwana wa zaka 13 akhoza kutigwira ndi kutipaka bwinobwino, bola asambe m'manja akamaliza, asamatipale ndi tupa pafupi ndi chakudya, ndipo ngati m'nyumbamo muli wamng'ono woika zinthu m'kamwa, tikhale pamwamba pa kabati.